Dzulo Bondo, Lero Chigongono

Dzina loti a Sizasi silinachokere pa ntchito yawo, ngakhale kuti analidi telala. Linachokera pakamwa. Munthu akalowa mu shopu mwawo ndi nkhani yaitali yofotokoza chomwe wachedwera kudzayesa diresi, iwo ankaidula pakati ndi mawu atatu basi, mwini nkhaniyo n'kutsala kukamwa yasa. Dzinali ankalidziwa ndipo silinkawanyansa. Ankadzitama kuti pa zaka makumi atatu zoyeza anthu ndi tepi, palibe anawanamizapo n'kupulumuka. Mayi wokoka mimba poyezedwa ankamudziwa. Bambo wonena kuti thalauza lachepa lokha pochapa ankamudziwanso. Koma bodza limene ankati analiphunzira mpaka kulimaliza linali la matenda.

"Wodwala weniweni amaloza malo amodzi," ankauza aliyense wofuna kumva, ndi wosafuna yemwe. "Mukaona wina lero wagwira bondo, mawa chigongono, mkuja akutsimphinira mwendo wina, ameneyo wangoiwala pomwe ananamizira dzulo."

Nzeru imeneyi anaiphunzira pa mwana wawo woyamba, mtsikana, amene ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ankazemba sukulu mwa njira yomweyi. Mwanayo anadzamwalira patapita zaka zisanu, madokotala nati ndi mtima, ndipo za imfayo a Sizasi sankakamba ndi munthu. Koma za bondo ndi chigongono ankakamba akuseka, chifukwa ndi mmene ankakonda kumukumbukira: kamtsikana kochenjera, kopusitsa aliyense kupatula mayi ake. Chithunzi chake chinali pakhoma, pakati pa kalendala ndi msomali wokolekapo tepi.

Shopuyo inali chipinda chimodzi: makina awiri opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo, simbi, galasi long'aluka pakona, ndi nsalu yotchinga poyesera zovala. Pa makina a pakhomo pankakhala eni shopu, kuti aziona msewu. Pa enawo pankakhala mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, dalaivala wa lole amene ankatha masabata ali pa ulendo. Mpongoziyu anali wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wofatsa, wamanja abwino, woti akasoka kolala umachita kuisisita. A Sizasi ankamukonda, tisawanamizire. Chowasowetsa mtendere chinali chimodzi. Chaka ndi theka chilowereni m'banjamo, tepi inkawerengabe chimodzimodzi m'chiuno mwake. Ankamuyeza pafupipafupi, amvekere ndikufuna ndikusokereni siketi, mpaka masiketi anadzaza sutikesi.

Chimene anayamba kuona chinali makhalidwe a pa mpando. Lachinayi lina mpongoziyo anapita m'tauni kukagula mazipi, ndipo atabwerako anakhala ndi thako limodzi, lamanja, lamanzere lili m'malere. Tsiku lonse anapalasa makina atapendekeka, ngati mwana wakwera njinga ya bambo ake. Lachisanu chimodzimodzi. Loweruka anakhala bwinobwino ndi onse awiri. A Sizasi anangotola choko chodulira nsalu n'kulemba kamzere m'mphepete mwa tebulo, pansi pomwe sipaoneka.

Patapita masabata anayi mazipi anathanso, ndipo ulendo uno lamanja ndi lomwe linali m'malere. Timizere titakwana tinayi, a Sizasi anatsitsa kalendala n'kuwerenga ndi chala. Masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, osaphonya ngakhale limodzi. Lamanzere, lamanja, lamanzere, lamanja. Iwo agula mazipi moyo wawo wonse, ndipo sanaonepo mazipi otha mwa dongosolo chotero.

Nkhaniyi anaitengera khomo lotsatira, kwa mnzawo wa saluni, mayi woti nkhani za dera lonse zinkadutsa m'manja mwake pamodzi ndi tsitsi.

"Ameneyo ndi jakisoni," anatero a Saluni, chipeso chili kukamwa.

"Zoti ndi jakisoni ndadziwa kale, asisi. Ine ndikufunsa kuti wa chiyani. Munthu sakudwala, akudya bwino, ali pabanja, mimba kulibe. Mundiwerengere inu."

A Saluni anachotsa chipeso kukamwa. "Koma wolera uja amabaya pa miyezi itatu. Ndinabayitsapo ine zaka zisanu ndi chimodzi, ndikumudziwa."

"Munabayitsa liti? Nthawi yanu ija mafoni anali a mabatani. Abweretsa wina."

A Saluni anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti masiku ano chilichonse akuchifupikitsa, ngakhale masiketi.

Lamlungu dalaivala uja anabwera, ndipo mayi ake anamupeza kuseri kwa nyumba akupukuta nsapato.

"Iwe, mkazi wako amapita kuti Lachinayi lachinayi lililonse?"

Bulashi inaima. "Zimenezo afunseni eni ake, Amayi."

"Ndikufunsa iwe. Si ndiwe mwamuna?"

"Ndinalonjeza kuti sindinena. Koma si zoipa ayi."

Kwa a Sizasi, munthu akati si zoipa ayi ndiye kuti wavomera mlandu. Zinawapweteka kwambiri kuti nayenso mwana wawo ali momwemo, kuti awiriwa apangana zowamana mdzukulu iwo akusoka masiketi ngati wopusa. Mmawa mwake dalaivala ananyamuka ulendo wa miyezi itatu. Masana a tsiku lomwelo, mpongozi atapita kukatunga madzi a simbi, a Sizasi anatsegula kadirowa ka makina ake. Pansi pa tizigamba anapeza khadi lachikasu lokutidwa ndi pulasitiki, lodzaza madeti ndi masiginecha. Zolemba za madokotala sanathe kuziwerenga, komanso sanafunikire kutero. Madetiwo ankagwirizana ndi choko chawo. Khadilo linalowa m'chikwama chawo, pansi pa buku la nyimbo.

Kufunsa mpongozi maso ndi maso sakanatha. Nkhani za kuchipinda za mwana wako suzifunsa choncho, ngakhale uli ndi pakamwa ngati pawo. Anaganiza zongotseka njira.

Lachinayi lachinayi litafika, mpongoziyo anavala nsapato zake zoyendera cha m'ma eyiti.

"Amayi, ndimati ndithamangire m'tauni. Mazipi atha."

A Sizasi anakoka dirowa ya tebulo. Munali mazipi aatali, aafupi, akuda, oyera, ena a mtundu woti sungaupezere nsalu.

"Ndinagula dzana, apongozi. Musavutike."

Mtsikanayo anayang'ana dirowayo nthawi yaitali. "Nanga mabatani a malaya a aphunzitsi aja?"

A Sizasi anagwedeza chitini cha mabatani, chinalira chodzaza.

"Mafuta a makina..."

Botolo linali pawindo, losatsegula. Mpongoziyo anavula nsapato pang'onopang'ono n'kukhala pa mpando ndi matako onse awiri, ndipo a Sizasi anaimba nyimbo chapansipansi mpaka nthawi ya chakudya.

Lachinayi lotsatira mtsikanayo anati akufuna akaone azakhali ake omwe sakupeza bwino.

"Mwachita bwino kunena. Tipitire limodzi, sindinawaone kuyambira pa ukwati."

Anatseka shopu n'kupitadi. Azakhaliwo anawapeza ali pamwamba pa tebulo akupaka laimu kudenga, athanzi ngati ng'ombe, ndipo anadabwa kwambiri kumva kuti akudwala. Komabe, pokhala munthu wanzeru, anatsika n'kutsokomola kawiri. Alendo anamwa tiyi, nabwerera.

Kuyambira pamenepo a Sizasi anasanduka mthunzi wa mpongozi wawo. Kumsika limodzi, kutchalitchi limodzi, ndipo pakhomo pa nyumba ndi pa shopu panali masitepe makumi anayi okha omwe ankayendanso limodzi. Mtsikanayo anafufuza kadirowa kake kangapo, nakhuthula tizigamba tonse pansi, koma sanafunse munthu. Mwezi unadutsa, wachiwiri unayamba. A Sizasi ankauza a Saluni kuti mwamuna akangobwera, mankhwala aja adzakhala atasuluka m'thupi, ndipo anayamba kale kusunga tizidutswa ta nsalu zofewa m'jumbo.

Nthawi imeneyo sukulu zinali pafupi kutsegulira, ndipo shopu inadzaza ana odzayezetsa yunifolomu, theka la iwo akutsokomola ndi kufwenthera pa tepi. Mpongozi ndi amene ankagwada kuwayeza. Posakhalitsa anayamba kumeza malovu atatseka maso.

"Pakhosi, Amayi. Mwina ndikanapita kuchipatala."

A Sizasi anamwetulira mumtima. Ankadziwa chomwe chinali kuchipatalako. Anatenthetsa madzi, nathiramo mchere, namuuza kuti achukuche kukhosi katatu pa tsiku, ndipo patapita masiku anayi pakhosi panapoladi. Iwo anaona kuti apambana kawiri, ngati mlonda komanso ngati dokotala.

Panatha masabata atatu. Lolemba lina mpongoziyo anabwera ku shopu akukoka mwendo wamanja, nati bondo. Anasoka ndi phazi limodzi, thukuta lili kamukamu pamphumi. Lachiwiri bondo linali bwino koma ankatsimphinira kumanzere, nati kakolo. Lachitatu mmawa analephera kunyamula simbi, anaigwetsera pa tebulo n'kugwira chigongono.

A Sizasi anaika sizasi pansi, mtima uli phee ndi chisangalalo cha munthu woona mayeso omwe anawawerengera kale.

"Lolemba munati pati, apongozi?"

"Bondo, Amayi."

"Dzulo?"

"Kakolo."

"Lero chigongono. Mawa tiyembekezere khutu?"

Mtsikanayo anangoweramitsa mutu, ndipo misozi iwiri inagwera pa yunifolomu ya mwana wa eni ake. A Sizasi anamukhudza pamphumi, napeza kuti thupi latenthadi. Koma kutentha thupi munthu amatha kukupeza poima pafupi ndi simbi, mwana wawo wamkazi uja ankachitanso zimenezo. Anaona kuti sewero lonseli cholinga chake n'chimodzi, kupeza njira ya kuchipatala. Ndiye anaganiza zomupatsa njirayo, koma ndi mboni.

"Valani nsapato. Ndikuperekezani, ndipo tikalowa limodzi."

Anakwera takisi chifukwa mtsikanayo sakanafika pa siteji. Kuchipatala anakhala pa benchi maola awiri, a Sizasi chikwama chili pamiyendo, akukonza mawu oti akanene. Atalowa m'chipinda, anesi, mayi wamfupi wamagalasi olendewera pa chingwe, anangokweza maso n'kuika cholembera pansi.

"Iwe. Unali kuti? Ndakuimbira foni kangati?"

"Ndinasowa mpata, anesi."

"Mpata. Zaka zisanu ndi zinayi sunaphonyepo, lero ukundiuza za mpata. Khadi lili kuti?"

Iyi ndi nthawi yomwe a Sizasi ankaidikira. Anatsegula chikwama, nasuntha buku la nyimbo, natulutsa khadi lija n'kuliika pa tebulo mwaulemu wonse.

"Lili pano, anesi. Ine ndine apongozi ake. Ndabwera kuti mundiuze pamaso pake kuti munthu woti sanaberekepo mumamubaya zolera chifukwa chiyani, mwezi ndi mwezi, mwamuna wake ali mwana mmodzi yekha wotsala kwa mayi ake."

Anesi anavala magalasi. Anayang'ana khadi, anayang'ana a Sizasi, anayang'ana mtsikanayo amene tsopano anali atabisa nkhope m'dzanja lomwe silinkapweteka.

"Zolera," anatero anesi.

"Eya."

"Mayi, khalani pansi. Uyu ndi penisilini."

A Sizasi anakhala, osati chifukwa chomvera koma chifukwa mpando unali pomwepo. Anesi sanawalabadirenso. Anamuika mtsikanayo choyezera kutentha, namugwira chigongono chomwe chinali chotupa ndi chotentha, namufunsa ngati anadwalapo pakhosi posachedwapa. Atamva za madzi amchere anatulutsa mpweya m'mphuno, natuma munthu kukaitana adokotala. Kenako anatembenukira kwa a Sizasi.

"Poti mwabwera ndi umboni, mumve mlandu wake. Mpongozi wanuyu ali ndi zaka khumi ndi zinayi anadwala matenda omwe ife timati rumatiki fiva. Amayamba ndi zilonda zapakhosi, zomwe zija aliyense amati zipola zokha. Zimapoladi. Koma kwa ana ena, asilikali a m'thupi akamaliza kumenyana ndi tizilombo ta pakhosipo amasokonezeka, n'kuyamba kumenya thupi lomwe akulilondera. Amamenya molumikizira mafupa, ndipo amamenya tizitseko ta mu mtima tomwe timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo."

"Nyamakazi ndi ya ife akuluakulu," anatero a Sizasi, koma mawuwo anatuluka opanda mano.

"Iyi ndi ya ana. Mafupa amachira osasiya chipsera. Mtima ndi umene sukhululuka. Matendawa akabwera kamodzi, kachitseko kamatsala kopindika pang'ono. Tizilombo tija tikabweranso pakhosi, nawonso amabweranso, kachitseko n'kupindikirapo. Ndiye timabaya jakisoniyu pa masabata anayi alionse kuti tizilomboto tisapeze pokhala. Ndi wowawa, wolemera ngati phala, n'chifukwa chake timasinthasintha mbali. Mphamvu yake ikatha pa tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi atatu, munthu amatsala pamtunda. Uyu wakhala pamtunda miyezi iwiri ndi theka."

"Ndiye mimba..."

"Saletsa mimba. Ngakhale woyembekezera timamubaya. Chomwe chimavuta pa mimba ndi mtima wowonongeka, mayi, ndipo jakisoniyu ndi amene amausunga kuti udzathe kunyamula anthu awiri. Inu mumafuna mdzukulu, ndipo mwabisa chinthu chomwe chimamukonzera malo."

Anthu ambiri a m'dera lija akanalipira kuti aone nkhope ya a Sizasi pa nthawi imeneyo. Komabe munthu sasiya ukatswiri wake tsiku limodzi. Anakoka mpando pang'ono n'kutsitsa mawu, ngati mtsikanayo sakumva.

"Za jakisoni ndalakwa, ndavomera. Koma izi za lerozi, anesi, muziyang'ane bwino. Lolemba anati bondo. Dzulo kakolo. Lero chigongono. Ine ndalera ana, ndikudziwa."

"Mwafotokoza bwino kuposa buku," anatero anesi akulemba. "Chizindikiro chake n'chimenecho. Ululu wake umasamuka. Ukachoka pa bondo, bondo limakhala ngati silinadwalepo, iwo uli kale pena. Ana ambiri amakwapulidwa nazo kunyumba, amati akuthawa sukulu."

"Ena zimawagwira mwanjira ina," anapitiriza anesi, maso ali pa pepala. "Manja amangoyenda okha. Amagwetsa makapu, zolemba m'kope zimasanduka zokandakanda, nkhope imachita ngati akukusinjirira. Makolo amati mwano. Kenako zonse zimatha, aliyense n'kuiwala. Pakapita zaka, mwana uja akuyamba kupuma movutikira, miyendo kutupa, akugona chokhala. Akamafika kuno timangoti mtima, koma unayamba kalekale pakhosi."

Makapu omwe mwana wawo wamkazi uja anaswa anali atatu. A Sizasi anawakumbukira onse, ndi ya maluwa ofiira yomwe. Anakumbukira kope lomwe aphunzitsi anatumiza kunyumba, ndi tsiku lomwe anamenya mwana wawo khofi pa tebulo chifukwa chowakwinyira nkhope alendo alipo, mwanayo akulira kuti sindikuchita dala, Amayi. Anakumbukira mapilo atatu omwe ankamusanjikira kumsana chaka chomaliza. Kwa zaka zonsezi anali ndi nkhani ziwiri za mwana wawo, yoseketsa yomwe ankauza aliyense ndi yowawa yomwe sankauza munthu, ndipo sanaganizepo kuti ndi nkhani imodzi.

"Anesi," anatero a Sizasi. "Mwana wotero, atabwera naye nthawi ya bondo ija. Atamabayidwa jakisoni wanuyu."

Anesi anakweza maso, ndipo china chake pa nkhope ya mayiyo chinawachititsa kuvula magalasi.

"Ambiri amakula, mayi. Si onse, koma ambiri. Anali wanu?"

A Sizasi anagwedeza mutu kuvomera.

"Kale ambiri sankadziwa. Ngakhale ife a chipatala tinkaphonya."

Anali mawu achifundo, koma a Sizasi ankadziwa kuti a chipatala sakanaphonya kapena kupeza mwana yemwe sanabwere naye.

Adokotala anafika, namvetsera pachifuwa pa mtsikanayo nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo. Anati agonekedwe. Anamubaya jakisoni wake uja pomwepo, namupatsa mapiritsi ochotsa kutupa, nati asadzuke pabedi popanda chifukwa, ndipo mawa akamujambula mtima.

A Sizasi anabwerera ku shopu okha dzuwa likadali pamutu. A Saluni anasuzumira pakhomo, chipeso m'manja, maso akuwala.

"Ndiye? Mwamugwira?"

"Ndagwidwa ndine, asisi. Pitani, ndidzakuuzani."

Anakhala pa mpando wa mpongozi wawo, womwe unali moyang'anana ndi chithunzi chija. Chaka ndi theka mtsikanayo ankasoka akuyang'anizana ndi nkhope imeneyo. A Sizasi analira mmene sanalirire ngakhale pa maliro, chifukwa pa maliro ankalira mwana yemwe anawalanda, ndipo lero ankalira mwana yemwe ankawauza zoona. Atatha anapukuta nkhope ndi chigamba, natsitsa kalendala. Anawerenga masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu kuchokera tsiku limenelo n'kuzunguliza ndi choko, nawerenganso ena, mpaka kalendala inatha. Kenako anatulutsa jumbo ya nsalu zofewa zija anasungira mdzukulu, nayamba kudula.

Mawa lake masana anapita ku wodi. Mpongozi wawo anali pa bedi la pawindo, nkhope itatsitsimuka pang'ono. Anawauza yekha zotsatira, maso ali pa bulangete. Kachitseko kamodzi kankadontha pang'ono kuyambira kale, tsopano kakudontha kuposa pamenepo. Si zofuna opaleshoni, atero adokotala, bola matendawa asadzabwerenso. Za mwana akuti n'zotheka, koma ayambe wachira ndipo adzakambirane nawo kaye. Jakisoni anayenera kusiya chaka chamawa. Tsopano akuti mpaka adzakwanitse zaka makumi anayi.

A Sizasi anawerengera mumtima, poti kuwerengera ndi ntchito yawo. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kubaya khumi ndi katatu pa chaka. Imeneyo ndi singano yomwe iwo anamusokera mwana wa eni ake ndi dirowa ya mazipi.

"Bwanji simunandiuze, apongozi?"

Mtsikanayo anazengereza. "Ndimafuna kukuuzani, Amayi. Sabata yoyamba yomwe ndinayamba ntchito mu shopu. Tsiku lomwelo kunabwera kasitomala, inu n'kumufotokozera za anthu onama matenda, za bondo ndi chigongono. Munaseka kwambiri. Ine anga anayamba chimodzimodzi." Anakoka ulusi wa bulangete. "Ndinaona kuti mudzati mwana wanu wakwatira wabodza, kapena wodwaladwala. Ndinawapempha amuna anga kuti asanene. Ndiye miyezi iyi ndimati, zaka zonsezi osadwala, kuphonya kawiri sikungavute."

A Sizasi anatsegula chikwama. Anatulutsa khadi lachikasu lija, lomwe anesi anawabwezera dala, n'kuliika m'dzanja la mwini wake. Kenako anatulutsa khushoni ya nsalu zamitundumitundu, yonenepa mbali imodzi, mbali inayo yopyapyala ngati yaphwa.

"Ya pa mpando wanu. Mwezi uno muika chonchi. Mwezi wamawa mungoitembenuza."

Mtsikanayo anaitembenuza kawiri, namvetsa, nayamba kuseka. Mayi wa pa bedi loyandikana anafunsa ngati angasokeredwe yake. Kuseka kuja kunamugwedeza mkono, ndipo anadukiza n'kukwinya nkhope, dzanja lamanja litagwira pamkono wamanzere, pafupi ndi chikhatho. Kenako anazindikira chomwe wachita. Anachotsa dzanjalo msangamsanga n'kulibisa pansi pa bulangete.

"Pakupweteka pati?" anafunsa a Sizasi.

"Palibe, Amayi. Chigongono chomwe chija."

"Chigongono chinali dzulo. Ndaona pomwe mwagwira."

Mtsikanayo anawayang'ana mwamantha pang'ono. "Chasamukira apa. Pepani."

A Sizasi anasendeza mpando. Anatulutsa mkono uja pansi pa bulangete mosamala, monga amanyamulira nsalu ya eni ake yosadula, nauika pa khushoni, mbali yonenepa ija. Pamkonopo panali potentha ndi potupa. Anapaphimba ndi chikhatho chawo.

"Ndamva, mwanawe," anatero. "Ndakukhulupirira."